Dzanja la amalume

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, amadya nsima ndi dzanja lamanzere. Tili ana, ife ukangoyerekeza kutema mbamu ndi kumanzere agogo ankakuthira khofi pomwepo, koma iwo palibe ankawanena. Popereka moni amatambasula lamanzere lomwelo, lamanja atalibisa m'thumba la jekete, ndipo mlendo wosawadziwa amayamba wadabwa kaye kuti mkulu ameneyu mwambo anausiya kuti. Dzanja lamanjalo lilipo ndithu. Linapindika pamene timavala wotchi, zala zinakhotera m'chikhatho ngati phazi la nkhuku yophedwa, ndipo mkono kuyambira pachigongono ndi woonda ngati wa mwana wa sitandade 2, wouma gwa ukaukhudza.

Nkhani yomwe tinakula nayo inali yaifupi. Anagwa mumtengo wa mango ali ndi zaka 7, cha m'ma 1960. Mkono unathyoka, anaumanga, fupa linagwirana bwinobwino, koma dzanja linafota. Agogo mpaka imfa yawo ankanena kuti panalowa munthu pamenepa, chifukwa fupa lopola silingasiye zala zakufa. Ine nditapita kusukulu za ufiti ndinkaziseka, komabe funso la agogo lija sindinaliyankhepo. Sindinaone chifukwa choliyankhira, mpaka Disembala wina pamene foni inalira Loweruka masana.

Anali mlongo wanga, kumudzi.

"Achimwene, mwana uja wagwa mumtengo. Mkono watupa pachigongono."

"Magazi akutuluka?"

"Ayi."

"Ndiye wangobinya ameneyo. Mumuthowe ndi madzi otentha, Lolemba mupite naye kuchipatala. Lero Loweruka, mukangovutika ulendo."

Ndilembe chilungamo chake: mwezi unali pakati, m'thumba munalibe kanthu, ndipo ndinkadziwa kuti mawu akuti "pitani lero" atanthauza kuti nditumize ya thiransipoti nthawi yomweyo. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, mwinimbumba ndiwe, ndipo zomwe wanena malume sizikhala ndi wotsutsa. Mlongo wanga anamvera. Koma poti mwana ankalira, madzulo anamutengera kwa mdala wina wa kutsidya kwa dambo amene amadziwika ndi zomanga mafupa. Anamutema mphini, anaika timitengo ta nsungwi kuzungulira mkono, anakulunga nsanza, kenako n'kumanga ndi lekeni wa chubu cha njinga. Anamanga zolimba, akuti kuti fupa lisasunthe.

Usiku mwana sanagone. Anamupatsa panado, osathandiza. Anamupatsanso wina. Kulira kunasintha, kunasanduka kubuula kwa munthu wamkulu. Nyumba ya amalume ili pafupi, ndipo cha m'ma 11 koloko anatulukira ndi tochi kudzafunsa chimene chikuchitika. Mlongo wanga akuti atangounika mkonowo anaima duu kwa kanthawi, kenako anati, "Masulani."

"Amalume, akuti tisamasule mpaka sabata ithe."

"Ndati masulani. Ine ndinalira chonchi usiku wonse, palibe anandimasula."

Sanadikire yankho. Anagwada, n'kuyamba kumasula lekeni uja ndi dzanja lawo limodzi ndi mano. Tambala woyamba asanalire anali atadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndalama yake atatapa pa ya feteleza.

Zonse zimene ndikudziwa lero za mafupa ndi manja ndinaziphunzira m'masabata otsatira, zina pa benchi ya m'wodi, zina pofunsa mafunso otopetsa kwa anthu otopa kale, zina powerenga usiku pa foni chifukwa chikumbumtima sichinkandigonetsa.

Pamwamba pang'ono pa chigongono, fupa la mkono wa mwana limaphwatalala n'kukhala lopyapyala. Mwana akamagwa amatsogoza dzanja, mkono uli chiwongokere, ndipo mphamvu yonse imakathera pamalo opyapyalawo. Kuthyoka kumeneku ndi komwe kumachuluka kuposa kwina kulikonse pachigongono cha ana, makamaka a zaka 5 mpaka 7, msinkhu womwe mwana wayamba kukwera mtengo koma nthambi youma sanaidziwe. Dokotala wina wa ku Philadelphia, John Gartland, mu 1959 anakugawa m'magulu 3: fupa longosweka koma lili m'malo, fupa lopendekeka koma logwirana mbali imodzi, ndi fupa losiyana kotheratu. Wathuyu anali m'gulu lachitatu. Chidutswa chakumunsi chinali chitakankhidwira kumbuyo, nsonga yakuthwa ya chakumtunda italunjika kutsogolo, kumene kumadutsa mitsempha.

Pa mawu akuti mtsempha pomwepa Chichewa chathu chimatipusitsa. Wonyamula magazi timati mtsempha. Wonyamula uthenga kuchokera ku ubongo timati mtsempha. Wokoka zala, uja umatikanika kutafuna mu nyama ya ng'ombe, timatinso mtsempha. Adokotala a mafupa omwe anamulandira mwanayo paboma anamufotokozera mlongo wanga mwanjira yomwe sanaiwale: m'mkono muli paipi ya madzi, muli waya wa magetsi, muli chingwe cha buleki, ndipo chilichonse chimafa imfa yakeyake. Asanamutumize kokajambula, anayamba ndi kusewera naye. Kunga chibakera. Tambasula zala. Panga sizasi ndi zala ziwiri. Gunditsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chamkombaphala, upange kabowo kozungulira. Sewero lililonse limayesa waya wake. Zitatu zoyambazo mwana anakwanitsa movutikira. Kabowo kaja kanakanika, zala ziwirizo zinkangogundana chophwatalala ngati akutsina mchere. Nthambi ina ya waya wapakati inali itapwetekedwa ndi fupa.

Komatu chomwe chinawadetsa nkhawa kwambiri sichinali chimenecho. Anagwira zala za mwanayo n'kuziwongola pang'onopang'ono, maso ali pankhope pake. Anakanikiza minofu ya mkono kuti amve ngati yalimba ngati thabwa. Anafunsa kuti lekeni anakhalapo maola angati.

Yankho la funso la agogo lili apa. Minofu ya mkono simangokhala mwawawa. Imakhala m'zipinda zokutidwa ndi kachikopa koyera kolimba, kaja timakaona tikamasenda mbuzi, ndipo kachikopako sikatamuka. Fupa likathyoka minofu imatupa, magazi amatayikira mkati, koma chipinda sichikula. Ukawonjezera chomangira cholimba kunja, ndiye kuti watseka chitseko ndi mawindo omwe. Timitsempha ting'onoting'ono todyetsa minofu timafinyika, minofu imasowa mpweya, ikasowa mpweya imatupiratu, ndipo zimangopitirira choncho. Chonyenga chake n'chakuti ukagwira pamene timavala wotchi, kugunda kwa magazi ukhoza kukumva ndithu, chifukwa paipi yaikulu imatsekeka mochedwa. Pakatha maola 6 mpaka 8 minofu imayamba kufa, ndipo yakufayo sidzukanso. Thupi limaisandutsa chipsera, chipsera chimafupika mwezi ndi mwezi, n'kumakoka zingwe za buleki zija mpaka zala zitakhotera m'chikhatho. Fupa, lomwe aliyense amaliyang'ana, limapola mwakachetechete ngati palibe chachitika.

Amene anazilemba momveka anali Richard von Volkmann, dokotala wa opaleshoni wa ku Halle m'dziko la Germany, mu 1881, ndipo mpaka lero vutoli limatchedwa ndi dzina lake. Nditawerenga zimenezi ndinakhala chete. Dzanja lomwe ndinkaliona pa mphasa yodyera kuyambira ndili wakhanda linali ndi dzina, linafotokozedwa zaka 80 amalume asanakwere mtengo uja, ndipo kumudzi kwathu palibe anauzidwapo.

China chomwe chinandigwira mtima n'chakuti Volkmann sankanena za lekeni kapena nsungwi. Ankanena za mabandeji omangidwa ndi anzake a zachipatala. Chikhakha chomwe timachidalirachi, chimene dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, anachiyambitsa cha m'ma 1850, chikhoza kupha dzanja chimodzimodzi ngati achizunguliza mkono wonse uli mkati motupa. N'chifukwa chake paboma paja anangoika chikhakha cha mbali imodzi, chakumbuyo, kutsogolo n'kusiya mpata, ndipo chigongono sanachipinde kwambiri. Choncho sindifuna kuti nkhaniyi imveke ngati ya asing'anga oipa ndi madokotala abwino. Mdala wa kutsidya uja wamanga mafupa ambiri ndipo ambiri anapola, poti fupa la mwana limafuna kupola lokha ngakhale utalisiya. Anthu amapita kwa iye chifukwa ali pafupi, salemba tsiku, amalandira nkhuku, ndipo Loweruka madzulo amapezeka. Chimene sadziwa ndi chomwenso ine, wa satifiketi zanga, sindinkadziwa: kuti mwana akamalira mopitirira muyeso mkono uli womangidwa, akamakuwa ukamuwongola chala, mankhwala oletsa ululu akamachepa mphamvu, sikuti fupa likugwirana ayi. Madokotala a ana ku Boston analemba mu 2001 kuti kwa mwana chizindikiro choyambirira ndi chimenechi, kufuna mankhwala ochulukirachulukira, chifukwa mwana sadziwa kufotokoza dzanzi. Amalume sanawerengepo zimenezo, koma kubuula kuja anakuzindikira.

Mwana wathu anapulumuka chifukwa lekeni anachoka pasanathe maola ambiri. Minofu inali yotupa koma yofewa. Akanachedwa, chotsalira chikanakhala kung'amba mkono kuchokera pachigongono mpaka m'chikhatho, kutsegula kachikopa koyera kaja kuti minofu ipume, bala n'kulisiya lotsegula masiku angapo. Ndinaonapo mwana wina m'wodi atachitidwa zimenezi. Mayi ake ankalephera kuyang'ana, koma zala zake zinkagwedera.

Ndanena kuti "adokotala a mafupa," monga timanenera tonse, koma munthu amene anamulandira mwanayo Lamulungu m'mawa, ataitanidwa kuchokera kunyumba, sanali dokotala wa digiri. Anali kiliniko ofisala wa mafupa. Gulu limeneli lili ndi mbiri yomwe Amalawi ambiri sitiidziwa. Mu 1985 dokotala wa mafupa wochokera ku Canada, Edward Blair, amene ankagwira ntchito ndi bungwe la Malawi Against Polio, anaona kuti kudikira madokotala a mafupa okwanira dziko lonse kunali kudikira madzi a mphutsi. Anayamba kutenga anthu omwe anali kale m'zipatala n'kuwaphunzitsa za mafupa zokhazokha kwa miyezi 18: kuwongola fupa, kuika chikhakha, kukoka mwendo ndi zitsulo, kutsuka bala la fupa lotulukira kunja, ndi kudziwa nthawi yotumiza wodwala patsogolo. Mu 2008 Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti dziko lonse, la anthu pafupifupi 13 miliyoni panthawiyo, linali ndi madokotala a opaleshoni ya mafupa 9 okha, pamene makiliniko ofisala a mafupa ophunzitsidwa anali atafika 117, ndipo ndi iwo ankasenza pafupifupi ntchito yonse ya mafupa m'maboma. Ndi anthu omwewa amene anasonyeza, pa kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2005, kuti njira ya Ignacio Ponseti yowongolera mapazi opindika a makanda ndi zikhakha imatheka m'manja mwa munthu yemwe si dokotala. Zinthu zasinthako chiyambire nthawi imeneyo. Ku Blantyre kuli Beit CURE kuyambira 2002, ku Lilongwe kwamangidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pafupi ndi Kamuzu Central, ndipo madokotala a mafupa akuphunzitsidwa konkuno. Koma mwana akagwa mumtengo kumudzi, woyamba kumugwira mkono akadali kiliniko ofisala.

Pali kafukufuku wina amene ndikanakonda ndikanapanda kumupeza. Kiran Agarwal-Harding, Linda Chokotho ndi anzawo anaunika mabuku a odwala othyoka mafupa m'zipatala 4 za m'Malawi, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019. Anapeza kuti mwa ana 4 aliwonse mmodzi ndi kupitirirapo, ndipo mwa akulu 3 aliwonse mmodzi, ankafika kuchipatala patatha masiku 2 kapena kuposerapo chivulalire. Mwa zinthu zomwe zinkachedwetsa anthu munali kutalika kwa mtunda, zomwe aliyense angayembekezere, komanso kuvulala kumathero a sabata. Ndinawerenga mzere umenewo kawiri. "Lero Loweruka, mukangovutika ulendo." Mawu anga enieni, atasanduka nambala m'magazini ya madokotala ku America. Ndinkaganiza kuti ndinalankhula nzeru zanga, osadziwa kuti ndinangoyimba nyimbo yomwe amalume ambirimbiri amayimba Loweruka lililonse nyengo ya mango.

Paboma anamutumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo ndinakakumana nawo kumeneko. Mlongo wanga sanandinene kanthu. Anangoti, "Mwafika, achimwene," n'kundisunthira malo pa benchi, ndipo kusanena kwakeko kunandipweteka kuposa kutukwana. Ku fiyeta anamugoneka tulo, anakoka mkono n'kubwezera fupa m'malo akuyang'ana pa makina ojambulira, osang'amba, kenako analowetsa mawaya awiri opyapyala kudzera pakhungu kuti agwire chidutswa chija. Mawaya amenewa amatchedwa ndi dzina la Martin Kirschner, Mjeremani amene anawayambitsa mu 1909. Nsonga zake zimatsala panja zitapindidwa ngati mbedza, ndipo pakatha masabata 3 kapena 4 amazizula ndi pulayala mwana ali maso. Wathuyu analira asanamugwire n'komwe, atazula anafunsa ngati angatenge mawayawo kuti akapangire galimoto.

Kabowo ka zala ziwiri kaja kanatenga nthawi. Anatiuza kuti waya wopwetekedwa chotere, ngati sunaduke, nthawi zambiri umadzuka wokha pakatha miyezi 2 kapena 3, ndipo ngati ukumera mwatsopano umayenda pafupifupi milimita imodzi patsiku, ngati chikhadabo chofulumira. Mlongo wanga ankamuyesa m'mawa uliwonse asanamupatse phala. Mu Malichi ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, chosaoneka bwino, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitapanga kabowo kokhota pang'ono. Panalibe mawu aliwonse pansi pake.

Pa Isitala ndinapita kumudzi. Ndinali nditawerenga zambiri, ndipo monga achitira munthu wongophunzira kumene, ndinkafuna wondimvera. Ndinakhala ndi amalume pakhonde n'kuwafotokozera zonse, za zipinda za minofu, za maola 6, za Mjeremani wa mu 1881. Anamvetsera osandidula. Atatulutsa dzanja lija m'thumba analiika pabondo, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kuliyang'anitsitsa popanda kuba ndi diso. Ndinapempha kuligwira. Nditapinda dzanjalo kulozetsa pansi, zala zinawongokako pang'ono. Nditaliwongola, zinakhotanso zokha. Ndinali nditawerenga kuti chimenechi ndicho chizindikiro chake, chingwe chafupika koma mfundo za zala zikadali ndi moyo, komabe kuchiona ndi maso pa dzanja la munthu amene anandilipirira fizi ya fomu 1 chinali chinthu china.

"Ndiye madokotala akowo angalikonze?" anafunsa, akuseka pang'ono.

Ndinawauza zomwe ndinapeza. Njira zilipo. Ngati minofu ina inatsala yamoyo, amaimasula pamene inamera pachigongono n'kuitsetserezera kumunsi kuti zingwe zitalike, njira yomwe Max Page wa ku London anaifotokoza mu 1923. Akhoza kusamutsa chingwe cha mnofu wamoyo wa kuseri kwa mkono kuti chizigwira ntchito ya wakufa, monga Paul Brand ankachitira ndi manja a odwala khate ku Vellore m'dziko la India. Ngati zonse zinafa, madokotala ena amatenga mnofu wa mkati mwa ntchafu pamodzi ndi mitsempha yake, n'kuusokerera pamkono akuyang'ana pa maikulosikopu, ndi ulusi woonda kuposa tsitsi. Koma zonsezi zimayenda bwino kwa mwana kapena wachinyamata, pasanapite zaka zambiri, ndipo pambuyo pake pamafunika miyezi ya mafizo. Ngakhale zitayenda bwino chotani, dzanja limangofika pothandizira linzake, silibwerera mwakale. Kwa munthu woyandikira zaka 70, mfundo zitauma kwa zaka 60, ndinalibe chowalonjeza.

"Ndiye kuti mayi aja ankanamizira anthu," anatero patapita kanthawi, akunena za agogo. Anatchula dzina la mayi wina amene anamwalira kalekale, yemwe banja lathu silinkamwa madzi pakhomo pake. Ine nkhani imeneyo sindinkaidziwa n'komwe. Zidzukulu zake timapemphera nazo tchalitchi chimodzi.

Sindinayankhe. Iwo anaitana mwana uja, yemwe ankakankha galimoto yake ya mawaya pabwalo.

"Bwera kuno, iwe. Tapanga kaja."

Mwana anapanga kabowo kake monyadira, n'kusuzumiramo ndi diso limodzi. Amalume anamugwira chigongono ndi dzanja lamanzere, anachipinda, anachiwongola. Sichinkawongoka mpaka kumapeto, ndipo achipatala anali atanena kuti zimenezo zimatenga miyezi, tisamukakamize. Anamuyang'ana tizipsera tiwiri ta mawaya, pambali pa mphini za mdala uja.

"Mtengo unali uti?"

Mwana analoza wa kuseri kwa khola, wa mango a boloma.

"Nthambi ya kumadzuloyo ndi yofumbwa," anatero amalume. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mawa ubwereke sowo kwa akalipentala, udule. Ine ndi dzanja limodzi sindingathe. Ndipo ya feteleza ija sunabweze."